Rilo ya Akatswiri m'Manja mwa Mwana wa ku Dedza

Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri, kumene nsomba timaiona itauma kale, ili pamulu pamsika. Ndayamba ndi zimenezi kuti mundimvetse, kapena mungondikhululukira.

Chaka chatha apongozi anga, bambo a mkazi wanga Mphatso, anabwera kudzakhala nafe kuno kunja kwa dziko, ku Bowie, miyezi itatu. Mayi ake a Mphatso anali atatisiya chaka cham'mbuyo mwake, ndiye tinkaganiza kuti akapitidwa mphepo ina mtima ukhalako m'malo. Koma munthu uja anafika ali phee. Ankadzuka, kusamba, kuvala jekete, n'kukhala pampando wa pawindo kuyang'ana magalimoto a aneba mpaka ife titaweruka. Kutchalitchi ku Falls Church anzathu a ku Zambia ankayesetsa kuwaseketsa, iwo n'kumangomwetulira mwaulemu. Mphatso ankakalirira m'bafa kuti bambo ake asamuone.

Tsiku lina tikudya ndinangotchula kuti anzanga a ku ofesi anapita kunyanja yamchere n'kugwira nsomba yotalika ngati mwana wa sitandade wani, ataima pamchenga, popanda bwato. Apongozi anasiya kudya. Iwo anakulira ku Chikwawa, m'mbali mwa Shire, ndipo asanakhale mphunzitsi anali atawedza milamba yosawerengeka. Anandifunsa za nyambo, za mafunde, za kuya kwa madzi, mawu amene anayankhula patebulopo anaposa a milungu itatu yonse. Kenaka anati, "Nanga inu akamwini, mumapitako?"

Apa ndi pamene ndinayenera kunena zoona. Koma ndinaona mmene Mphatso ankawayang'anira bambo ake, ndipo pakamwa panga panangoyankha pokha kuti ee, ndimapitapita, Loweruka likubwerali titha kupitira limodzi. Mphatso anandiponda phazi kunsi kwa tebulo, koma mawu anali atatuluka kale.

Lolemba nditaweruka ndinathamangira ku Annandale, ku kasitolo ka zowedzera ka mdala wina wa ku Korea. Ndinamuuza kuti ndikufuna zida zogwirira nsomba zikuluzikulu m'mafunde. Pa ndodo sitinavutane, anandipatsa yaitali yoti kuti ilowe m'galimoto ndinachita kuigawa pawiri. Nkhani inali pa rilo, kachipangizo kaja kokhala ndi chopukusira, kamene kamakulunga chingwe. Anatulutsa ziwiri, ina anati ndi sipiningi, ina konveshonolo.

Tsono Chingerezi cha mu ofesi chinandipweteka pamenepa. Ntchito yanga ndi yolemba malipoti, ndipo m'malipoti mawu akuti konveshonolo amatanthauza chinthu wamba, chachizolowezi, chimene aliyense amachita. Ndiye ndinati mumtima, sipiningi iyi ndi ya anthu amatama, ine wophunzira kumene nditenge yawambayi. Inuyo mukanaganiza bwanji?

Mdala uja anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato, n'kundifunsa ngati ndinaponyapo ndi rilo yotereyi. Anafotokoza kuti ndi yamphamvu zedi, imalowa chingwe chambiri ndipo nsomba yaikulu siikuthawa nayo, koma poponya kagudumu kake kamazungulira kopanda choletsa, buleki yake ndi chala chako chachikulu. Ukachedwa pang'ono kugwira, kagudumu kamathamanga kuposa chingwe, zonse n'kupiringizika. Kawiri konse anandikankhira sipiningi ija. Koma m'sitolomo munali azibambo ena awiri amene anasiya zawo n'kumamvetsera, ndipo ine ndinali nditaloza kale. Ndinati ndinaizolowera. Mdalayo sanatsutse, anangoponya kasizasi m'jumbo, akuti n'kaulere, ndikafuna.

Lachinayi madzulo ndinazemba kupita pabwalo la mpira la ana pafupi ndi kwathu kukayeserera, nditaonera mavidiyo ambirimbiri pafoni. Ndinamanga mtovu wolemetsera kunsonga kwa chingwe, mbedza ndinasiya. Kuponya koyamba, mtovu unauluka mapazi khumi n'kuima m'malere ngati wakumbukira chinachake kunyumba, ndipo nditayang'ana rilo inali ngati wigi imene yachapidwa m'makina pamodzi ndi masokosi. Ndinakhala pa udzu pafupifupi ola ndikumasula, mapeto ake ndinatenga kasizasi kaja. Kuponya kwachiwiri ndinakanikiza chala msanga kagudumu kali paliwiro, ndinamva fungo la khungu langa lomwe likupsa, chithuza chinatuluka pompo. Kachitatu ndinaponya ndi mkwiyo, chingwe chinaduka, mtovu unapita wokha kudutsa golo mpaka ndinamva kuti gu! pa chimbudzi cha pulasitiki chija amaika m'mbali mwa bwalo. Chitseko chinatseguka, anatuluka mzibambo atagwira lamba m'manja, akuyang'ana kumwamba ngati kwagwa matalala. Ine, ndi ndodo ya mamita atatu m'manja, ndinayang'ananso kumwamba limodzi naye.

Kunyumba Mphatso ataona pulasitala pachala anandiuza kuti ndingowauza bambo zoona, sangandidye. Koma mmene ankanena choncho, apongozi anali pabalaza akupukuta majombo anga a m'munda oti adzavale Loweruka, akung'ung'udza kanyimbo. Ndikanawauza bwanji?

Loweruka tinanyamuka kutangocha, awiriwiri, poti Mphatso anali ndi ntchito kuchipatala. Njira yonse, kudutsa mlatho wina wautali wa pa Chesapeake mpaka kunyanja, apongozi ankandisimbira za ng'ona za mu Shire ndi za mlamba umene unawakoka mpaka kugwera m'madzi ali ndi yunifolomu ya sukulu. Ine ndinkangoti ee, ee, mtima uli pachala.

Tinapeza kuli mphepo, mafunde akubwera ngati makoma, asodzi atandandalika pamchenga motalikirana. Ndinali ndi nzeru imodzi yokha yotsala. Ndinawapatsa apongozi ndodo ija ndi manja awiri, ndikuti akulu ayambe. Anakana. Anati iwo amadziwa nsungwi ndi twaini basi, zamakonozi ayambe mwini wake, iwo aonere.

Ndinakoloweka nyambo, ndinaponya, wigi. Apongozi anangotambasula dzanja. Anatenga ndodo, anakhala pa bokosi la ayezi, anavala magalasi n'kuyamba kumasula mfundo imodzi imodzi ngati akuchonga makope a ana, ndipo atamaliza anandibwezera n'kunena kuti mphepo ya lero si yabwino. Ndinaponyanso, wiginso. Anamasulanso, n'kunena kuti mwina chingwechi ndi cha fakitale yolakwika. Anzanga, kunyozedwa kuli bwino, ulemu wotere umapweteka mpaka m'mafupa.

Ulendo wachitatu chinachitika chozizwitsa. Chala chinagwira panthawi yake, chingwe chinatuluka bwinobwino, mtovu unakagwera kutali. Kungoti sunapite kutsogolo, unapita chakumanja kwambiri, koma ine ndinaimika chifuwa ngati ndi kumene ndimafuna.

Sipanapite mphindi zisanu, ndodo inagwedezeka. Ndinakoka, nayonso inakoka. Ndinapukusa, chingwe chinalimba ngati waya. Nsomba! Ndipo siinali yamasewera, ndikaikoka mapazi awiri, iyo inkandibweza atatu. Ndinaona chingwe chikulowera m'mbali, motsata gombe, ndipo ndinakumbukira kuti m'mavidiyo aja amati nsomba yaikulu ikathawira m'mbali uziitsatira. Ndinayamba kuyenda chammbali ngati nkhanu, madzi akulowa m'nsapato, chithuza chitaphulika, ine osamva n'komwe.

Apongozi ankabwera pambuyo atanyamula chidebe. Ndinawamva akuti, "Akamwini, taimani kaye pang'ono."

"Bambo, musadandaule, mtundu umenewu ndimaudziwa," ndinatero ine, munthu wa ku Dedza.

Chapatali ndinaona mzibambo wina wamkulu thupi, wa chipewa chofiira, nayenso ndodo yake itapindika, akulimbana ndi yake. Ndinati basi, nsomba zabwera gulu, lero ndi lero. Ndinamugwedezera mutu monga msodzi mnzake, naye anandigwedezera. Anthu anayamba kusonkhana, ena atatulutsa mafoni, mayi wina akukuwa kuti ndisaitaye. Chimene sindinachione, koma chimene apongozi anachiona kuyambira pachiyambi, n'chakuti ine ndikakoka, mkulu uja ankadzandira kubwera kutsogolo, iye akakoka, ndinkadzandira ndine. Iyenso ankatsatira nsomba yake chammbali, kubwera kumene kunali ine.

Tinalimbana choncho mwina mphindi makumi awiri, thukuta lili kamukamu pamphepo yozizira ija. Titayandikana ngati kuchokera pakhomo kufika pamsewu, funde linabwerera, ndipo chingwe chinatumphuka m'madzi chili chimodzi, kuchokera kunsonga ya ndodo yanga kukafika kunsonga ya ndodo yake. Pakati pake pankalendewera mbedza ziwiri zitakolana, mitovu iwiri, ndi kaudzu ka m'nyanja.

Mafoni aja anatsika limodzi limodzi. Mkulu uja anayang'ana mbedza, anayang'ana ine, n'kupukusa rilo yake kamodzi ngati akufuna kutsimikiza, ndipo ndodo yanga inawerama.

Kumbuyo kwanga ndinamva kaphokoso ngati munthu watsamwa. Nditacheuka ndinapeza apongozi atakhala pansi pamchenga wonyowa, ndi jekete lawo lomwe, chidebe chitagubuduka, akuseka mpaka mawu osatuluka, misozi ikutsikira m'magalasi. Ankayesa kudzuka, akaona chingwe chija n'kugweranso pansi. Mkulu wa chipewa uja, amene anadzatiuza kuti dzina lake ndi Walter, wa ku Baltimore, ndipo anapuma ntchito yoyendetsa mabasi, poyamba nkhope inali itakwinyika, poti anali atadikira nsomba kuyambira m'mawa. Koma munthu sungakwiye pamene mdala wovala jekete akugubuduka pamchenga. Naye anayamba kuseka.

Tikumasula mbedza, Walter anayang'ana rilo yanga n'kunena kuti ndi yabwino kwambiri, yoposa yake, kenaka anafunsa kuti ndakhala nayo nthawi yaitali bwanji. Ndinayang'ana apongozi, ndinayang'ana chala changa chikuchucha magazi, n'kuyankha kuti kuyambira Lolemba, ndipo kuti kunyanja kuno n'koyamba kufika ndi mbedza. Ndinabwereza m'Chichewa kuti bambo amve bwino, ngakhale Chingerezi amachidziwa kuposa ine.

Apongozi anapukuta magalasi n'kunena kuti anadziwa kalekale, mmene anandiona ndikugwira nyambo ndi zala ziwiri ngati thewera la mwana wa eni. Anati anakhala chete chifukwa anaona kuti ndavutikira iwo, ndipo munthu amene wakuvutikira sumuchititsa manyazi. Anandigwira paphewa, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirire mwana wawo.

Walter anawaonetsa apongozi kagwiridwe ka chala pa kagudumu. Koyamba chinapiringizika pang'ono, kachiwiri bwino, kachitatu mdala wa zaka makumi asanu ndi awiri anaponya mtovu kuseri kwa mafunde onse, molunjika ngati wajambula ndi rula. Masana onse amene ankawedza anali iwo, akucheza ndi Walter ngati anakulira mudzi umodzi. Ine ntchito yanga inali yodula nyambo ndi kulondera masangweji kuti mbalame zisabe. Nsomba sitinagwire ngakhale imodzi.

Pobwerera, tili pamlatho uja, Mphatso anaimba foni ndipo mawu ake anamveka m'galimoto monse, akufunsa ngati atulutse nkhuku mufiriji kapena tikubwera ndi ndiwo. Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anayankha ndi mawu a kutsogolo kwa kalasi, osaseka n'komwe.

"Tulutsa nkhuku, mwanangu. Amuna ako anagwira yaikulu, yoposa makilo zana, ndaona ndi maso angawa. Koma taimasula. Ili ndi mkazi ndi zidzukulu ku Baltimore."

Nkhaniyi inafika kutchalitchi ife tisanafike, ndipo mpaka lero anzathu a ku Lusaka akandiona amabisala kuseri kwa mipando, akuti ndingawakole. Ine ndinalumbira kuti wogulitsa m'sitolo akadzandikankhira chinthu kawiri, ndidzatenga chomwecho mwakachetechete, ndipo nsomba ndizikagula m'sitolo ya ku Seven Corners, kumene zimakhala zitagona kale pa ayezi ndipo palibe imene imavala chipewa.