Mmene Nangozo Anachirira Matenda Amene Sanadwale

M'chigawo china cha dziko lino, kuseri kwa phiri limene ojambula mapu analiiwala, kuli mudzi umene dzina lake tilisunga pofuna kuteteza ulemu wa anthu amene akali moyo. Mudziwu umatchuka ndi mtedza, ndipo pakati pake pali shedi ya kopaletivi momwe amayi makumi anayi amakhala miyezi itatu pachaka akupeta ndi kusankha mtedza wopita kutauni. Mpando wa m'shedimo ndi chinthu chamtengo wapatali. Odikira kunja ndi ambiri kuposa amene ali mkati, ndipo lamulo lakale limati wojomba sabata yathunthu popanda chifukwa chomveka, mpando wake upite kwa wina.

Kunena chilungamo, malamulo a chifuwa sanabwere mwachibwana. Chaka chapitacho, m'nyengo yozizira, chimfine choopsa chinalowa m'shedimo n'kutenga amayi awiri, mmodzi wa iwo mlongo wawo wa a Chikakuda, mlembi wa komiti. Anthu ankabwera kuntchito thupi likutentha, kuopa kutaya mpando. Choncho a Chikakuda atabwerako kumaphunziro a masiku awiri kuboma ndi pepala la malamulo, palibe anatsutsa. Feliya Nangozo, amene anali atasankha mtedza pamenepo zaka zisanu ndi ziwiri n'kumalerera momwemo ana atatu yekha, anakweza manja onse awiri povomereza. Tsiku lomwelo a Chikakuda anavekedwa udindo wa Mkulu Woyang'anira Mpweya, Zifuwa ndi Zotuluka M'mphuno, ndipo komiti inawagulira wenzulo.

Lamulo lililonse palokha linali lanzeru. Wotsokomola katatu motsatizana apite kukayezetsa, ndipo asabwerere popanda kalata ya wazaumoyo yosapitirira masiku atatu. Wokhala pafupi ndi wodwala apume kunyumba masiku asanu. Ndipo aliyense wotumizidwa kunyumba, malinga ngati alibe kalata yamoyo m'manja, awerengedwe ngati wodwala, ngakhale atamalima ndi kutema nkhuni. Vuto linali loti malamulowa anali asanakumanepo pamunthu mmodzi.

Tsono shedi ya mtedza ndi nyumba ya fumbi. Amayi anaphunzira kutsokomola kawiri n'kumeza kachitatu, kapena kudikira chigayo cha pafupi chilire. Nangozo anali katswiri pa luso limeneli, mpaka Lolemba lina pamene kakhoko ka mtedza kanamulowa pakhosi chigayo chili chete. Kachitatu kanatuluka kokha, ndipo wenzulo inalira.

Nangozo anayesa kufotokoza za kakhoko kaja, mpaka anakalavulira pachikhatho n'kuwaonetsa. A Chikakuda anakayang'ana ali patali n'kunena kuti pepala la kuboma silinatchule makoko. Nangozo sanakwiye. Walira mvula walira matope, ndipo lamulolo analikwezera manja yekha.

Lachiwiri anayenda mtunda wa maola awiri kupita kukachipatala kakang'ono komwe ankayeza Lachiwiri ndi Lachisanu pokha. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wazaumoyo anamulowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno mozama kwambiri moti anakumbukira dzina la mphunzitsi wake wa Sitandade 1. Kachilombo ka chimfine chija sikanapezeke, ndipo anapatsidwa kalata ya chidindo.

Lachitatu a Chikakuda anaiwerenga kalatayo pachipata kawiri, n'kuiyamikira kuti inalembedwa bwino. Kenako anafunsa kuti podikira paja anakhala pati.

"Pabenchi, bambo."

"Nokha?"

"Ndekha bwanji kuchipatala? Kuno kunali abambo ena a chifuwa chonga ng'oma, uku mayi wa mwana wa chimfine."

A Chikakuda anabwerera m'mbuyo mapazi awiri. "Ndiye mwanena nokha, Anangozo. Masiku asanu."

Lolemba lotsatira Nangozo anabweranso, masiku asanu atakwana. A Chikakuda anamulandira mwansangala ndipo anavomereza kuti tsopano zabenchi zija zatha. Chinatsala ndi kalata, imene inali itafa Lachisanu. Anamuuza mofatsa kuti kalata imanena za tsiku loyezetsa lokha, siidziwa za dzulo lake kapena za mawa lake. Lachiwiri Nangozo anapitanso kukachipatala, koma ulendo uno anaima yekha pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi benchi. Chifukwa choima kutali anaitanidwa pomalizira, timitengo ta thonje titatha. Anamuuza abwere Lachisanu.

Ali kunyumba ankamva kuti pampando wake pakhala mongogwirizira mlamu wa msungichuma wa komiti, ndipo wabwera ndi khushoni yakeyake. Munthu wongogwirizira sabwera ndi khushoni. Komabe Nangozo ankadzilimbitsa mtima kuti wodwala sachotsedwa ntchito, ndipo iye, mwalamulo, anali wodwala.

Koma m'mudzi muja muli lamulo lina lakale kuposa pepala lililonse la kuboma, lakuti wodwala amazondedwa. Wosazonda mnzake amamutcha mfiti, ndipo tsiku la maliro ake adzukulu amakumba manda mwaulesi. Sabata ndi theka zitadutsa komiti isanaponde pakhomo pa Nangozo, amayi a pachitsime anayamba kufunsana ngati kopaletivi ili ndi mtima kapena ili ndi masikelo okha. Mawuwo anawapeza mayi Likongwe, Wapampando Wamkulu wa Komiti ndi Mayi wa Onse Osankha Mtedza, ndipo Lachinayi masana komiti yonse, anthu asanu ndi awiri, inafika ndi nthochi ndi paketi ya shuga.

Anamupeza Nangozo akuwaza chitsa kuseri kwa nyumba. Mayi Likongwe anamulanda nkhwangwa, n'kumudzudzula kuti wodwala sagwira ntchito yotero, n'kumugoneka pamphasa m'kachipinda kake. Onse analowa momwemo. Anatseka chitseko ndi zenera poti mphepo siifuna wodwala. Aliyense anamugwira chanza, ndipo msungichuma anamugwiranso pachipumi n'kunena kuti thupi likumvekadi lofooka. Anaimba nyimbo ya ndime zinayi. A Chikakuda, amene anabwera atavala masiki, anaitsitsira kuchibwano kuti pemphero lawo limveke bwino kumwamba, ndipo anapemphera nthawi yaitali dzanja lili pamutu pa wodwalayo. Pomaliza Nangozo anadzuka n'kuwatungira thobwa, ndipo poti chikho chachikulu chinali chimodzi, chinazungulira.

Tisawanyoze pa ichi. Anabwera ndi mtima wabwino, ndipo a Chikakuda anagwetsa misozi yeniyeni potchula dzina la mlongo wawo m'pempheromo. Kungoti pepala la malamulo analisiya kuofesi, ngati mmene anthu amasiyira nsapato pakhomo.

Lachisanu Nangozo anafika kukachipatala kusanafike munthu, nayezetsa yekha pakhonde, n'kubwerako ndi kalata yatsopano. Loweruka m'mawa anaima pachipata, amayi onse akuonerera. A Chikakuda anafunsa za benchi, iye anayankha. Anafunsa za panjira, iye anayankha. Kenako anatsegula tsamba lomaliza, limene palibe anali atafikapo chikhazikitsire malamulowo, n'kuwerenga mokweza kuti wodwala wobwerera atchule onse amene analowa m'nyumba mwake pa nthawi ya matenda, kuti nawonso akapume masiku asanu.

Nangozo anayang'ana pansi. Akanatha kunena kuti sanalowe munthu, koma theka la mudzi linaona nthochi zija zikudutsa. Ndiponso anaganiza kuti mwina akuluakulu akalawako okha, adzaona kuti nsapatoyi ikuthina n'kuikulitsa. Choncho anayamba mwaulemu, motsata maudindo.

"Mayi Wapampando. Achiwiri awo. A msungichuma. Inuyo bambo..."

"Ife tinabwera kudzazonda," anatero a Chikakuda.

"Ndi zomwezo ndikuthokoza, bambo. Munatsekanso zenera."

Wina pakati pa amayi aja anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo anameza kachitatu mwachangu. Wenzulo siinalire. A Chikakuda anali atayang'ana kumwamba ngati munthu wowerenga masiku, ndipo masikuwo sanawakomere. Lolemba kunkabwera alendo ochokera kulikulu kudzapereka chikho kwa kopaletiviyi monga malo a ntchito otsata bwino malamulo a zaumoyo m'chigawo chonse. Mbuzi inali itagulidwa kale. Mayi Likongwe anali atasoketsa chilundu, ndipo a Chikakuda anali ataloweza pamtima mawu a masamba atatu.

Komiti inadzitsekera m'kaofesi kake maola atatu, Nangozo ali pamwala panja pa chipata. Akuti mkatimo munali maganizo osiyanasiyana. Ena anati kachilombo sikangagwire munthu amene wabwera ndi pemphero. Ena anati komiti ikayenda pamodzi si anthu koma ndi bungwe, ndipo bungwe lilibe mphuno. A Chikakuda anakana zonsezi. Anati iwo sangapinde lamulo limene linalembedwa ndi misozi, ndipo aliyense wokhala pafupi ndi wodwala ayenera kupuma, kaya ndi wapampando kaya ndi mlembi. Zikumveka kuti atanena mawu akuti wodwala, msungichuma anakweza mutu pang'onopang'ono n'kufunsa ngati pali amene anamuonapo Nangozo akudwala.

Atatuluka, nkhope zonse zinali zowala. Mayi Likongwe anaitanitsa amayi onse, namuimika Nangozo kutsogolo, n'kulengeza kuti komiti yaunika nkhaniyi mozama ndipo ili ndi uthenga wabwino. Makalata awiri a wazaumoyo akugwirizana. Mboni zisanu ndi ziwiri zinamupeza akuwaza chitsa. Ngakhale kakhoko kaja a Chikakuda anakaona ndi maso awo. Choncho komiti yapeza kuti Nangozo sanadwalepo, ngakhale tsiku limodzi, ndipo amene anamuzonda sanakhale pafupi ndi wodwala aliyense.

Amayi analulutira. Nangozo anamva mtima wake ukukhala m'malo mwake koyamba m'masabata awiri. Anagwada pang'ono kuthokoza, namanga bwino chitenje kuti alowe.

A Chikakuda anaima pachipata, buku la ojomba lili m'manja. Mawu awo anali achifundo.

"Tikusangalala nanu, Anangozo. Koma tithandizeni pang'ono. Poti simunadwale, masiku onsewa munali kuti?"

Nangozo anawayang'ana, n'kuyang'ana mayi Likongwe, amene anali otanganidwa ndi kukonza duku lawo.

"Munandibweza ndinu, bambo."

"Ife timabweza odwala, mayi. Inu komiti yakupezani kuti ndinu wathanzi."

Lolemba alendo anabwera, mbuzi inadyedwa, chikho chinaperekedwa. M'mawu awo a masamba atatu, a Chikakuda anauza alendowo kuti chikhazikitsire malamulo a chifuwa, kopaletiviyi siinachotsepo munthu ndi mmodzi yemwe chifukwa cha matenda. Nangozo anamva mawuwo ali kunja kwa mpanda, pamodzi ndi anzake atsopano a pamndandanda wodikira, ndipo sakanatha kuwatsutsa, chifukwa anali oona.