Mwana Amene Ndinakwera Naye Sitima ku Durban

Inu a Fomu 2 amene mukufalitsa zoti tchuthi chonse ndinali ku Magaleta kukumba mbatata, khalani pansi muwerenge, ndipo wofuna kutsutsa ayambe wakwerako sitima ya panyanja yamchere. Nkhani yabwino ndi iyi: achemwali anga a Tiyanjane akukwatiwa, ndipo pakanapanda ine ukwatiwo sukanakhalapo. Mukumva?

Achemwali amaluka tsitsi ku Durban. Kumeneko anapeza mwamuna, a Sipho, amene amaphika m'sitima yonyamula anthu okasangalala panyanja, ndipo makolo a mwamunayo anati ankhoswe akakumane pa chakudya m'sitima momwemo. Nkhoswe yathu ndi amalume a Dyeratu a ku Dambe, kwathu ku Neno, ndipo poti Chingerezi chawo chimathera pa moni, anatenga ine kuti ndizikamasulira. Amalume anati nkhoswe sipita chimanjamanja. Mbuzi inakanizidwa pasipoti, nkhuku inakana yokha, basi anafukula chigubu cha vinyo wawo wa manachesi, uja amamulimbitsa ndi kachasu wa mutu, vinyo woti ntchentche ikangodutsa pamwamba pake imakatera chagada, woti tayala la basi litaphwa titangopitirira pa Zalewa amalume anangopotoza chivindikiro pang'ono pafupi nalo, tayala n'kufufuma lokha, dalaivala n'kuwapatsa mpando wakutsogolo mpaka ku Joni.

Sitimayo kuti uchoke kumutu ukafike kumchira umafunika kabaza. Pakhomo pake pali lamulo loti chakumwa chobwera nacho wekha sichilowa. Tinaona azibambo amataye akulandidwa mabotolo ngati ana olandidwa malegeni, amalume n'kuyamba kutuluka thukuta m'makutu. Ndinavula chitenje, ndinabereka chigubu kumbuyo, ndinachiveka chipewa chaubweya, n'kumayenda modzigwedeza ngati mayi wochokera kusikelo. Mlonda atasuzumira, chigubu chinageya, iye anati mwanayo ali ndi mpweya m'mimba ndizimusisita pamsana, anatipatsanso chibaluni. Ndikunama ine?

Kuchipinda chodyera mafoloko anali ochuluka kuposa makasu a mudzi wathu wonse. Mayi awo a alamu anga a Sipho sankadya, ankangoyang'ana kumbuyo kwanga. Kenaka bambo awo a alamu, munthu wamkulu ngati nkhokwe, anayika foloko pansi n'kundiuza kuti ndimasulire mawu awo osadumpha ngakhale amodzi: banja limene mwana wasukulu ali kale ndi khanda, komanso labwera lopanda kanthu m'manja, iwo satengako mkazi. Ndinamasulira bwinobwino ngati pamayeso. Misozi ya achemwali inagwera mu supu mpaka mbale inasefukira.

“Mwana wa mlongo wanga,” ananong'ona amalume, “ukamutsitsa atilanda, ukapanda kumutsitsa atikana. Wapita kusukulu ndiwe.”

“Amalume, sunthani mbalezo.”

Ndinamutsitsa mwanayo pakati pa tebulo n'kumuvula chipewa. Woperekera zakudya anabwera chothamanga kudzalanda, pambuyo pake kaputeni wa sitima ndi ndevu zake zoyera. Ndinawauza kaputeni kuti lamulo lawo ndalimva, koma kwathunso kuli lathu: chakumwa sichichoka patebulo mwini wake asanachotse ufiti, ndiye kuti kulawa iyeyo poyamba anthu onse akuona, kuti pasakhale wonena kuti tinabweretsa chiphe. Kaputeni anati mwambo ndi mwambo.

Amalume atatsegula, chivindikiro chinaboola denga, chinaboolanso madenga onse apamwamba pake n'kudutsa pakati pa miyendo ya mzungu amene ankasambira padziwe la pamwamba penipeni, ndipo fungo litafalikira nsomba zokazinga zinadzuka m'mbale n'kuyamba kusambira mu supu, gogo wina amene anabwera pa njinga ya olumala anayimirira n'kuyamba kuyikankha yekha kufunafuna woti amukweze, oyimba magitala amene chibadwire sanamvepo za Neno anapezeka akuyimba nyimbo za kwaya ya ku Dambe, ndipo amalume atameza kamodzi dazi lawo linamera tsitsi pomwepo, achemwali n'kuwaluka mizere iwiri misozi isanawume. Mukumva inu?

Kaputeni anati chinthu asanachilande ayenera kuchidziwa. Analawa supuni imodzi, anatumiza supuni yachiwiri kuinjini, ndipo sitima inathamanga mpaka tinafika pa chilumba chimene tinayenera kufika mawa lake anthu ake asanasese, inabwerera chambuyo kukawapatsa mpata, n'kubweranso. Za kulanda sanazitchulenso. Anakoka mpando.

Ine sindinalawe, ndine mwana wasukulu. Ndinathira m'tambula n'kukagwada pamaso pa bambo awo a alamu, dzanja lina litagwira chigongono. Anayang'ana ine, anayang'ana chigubu chopanda chipewa, anamwa. Munthu amene chibadwire amangodziwa Chizulu ndi Chingerezi anatsokomola kamodzi n'kunena m'Chichewa cha kwathu, “Asewere, kodi manachesi amenewa ndi a kumtunda kapena a kudimba? Mwana wanu wamkuluyu tamutenga, basi. Ndipo wamng'onoyu azipitiriza sukulu, eti.” Amalume anawomba m'manja mwaulemu, ine ntchito yomasulira inathera pomwepo.

Ukwati uliko mvula isanagwe, kwathu konkuno, ndipo woperekeza mkwatibwi ndine, diresi ayeza kale. Achemwali akumauza anthu kuti makolo aja anali atavomera kalekale pafoni, kuti bambo aja amangokonda kuwopseza alendo, ndiponso kuti theka la chakudyacho ine ndinali kuchimbudzi kusanza chifukwa cha mafunde. Zosanzazo sindikana. Koma iwo anene zawo, ukwati umenewu ndinachita kuwubereka kumbuyoku ndine, ndipo msana ukundiwawabe mpaka lero.