A Cassimiro ndi Mapa Awo a ku Chinde

Kuno ku Domwe mukafunsa kuti ndani ankaidziwa bwino tauni ya Chinde, ija ili kunyanja yamchere kumene Zambezi amathera, aliyense akuuzani kuti anali malemu a Cassimiro Bulaziyo. Ankadziwa msewu uliwonse, chitsime chilichonse, ngakhale khomo limene Mmwenye wophika buledi ankatayirako phulusa. Chovuta chinali chimodzi, ndipo iwo sankachiwerengera: ife chiwadziwire sanapiteko. Madzi ambiri amene tinawaona akuwayang'ana anali a mtsinje wa Lifidzi utasefukira, ndipo tsiku limenelo anabwerera panjira.

Ine ndine Silvano, ndimasoka zovala pakhonde la pamsika. Chimene chinatigwirizanitsa ndi meza yanga yodulirapo nsalu, chifukwa m'Domwe monse ndi yokhayo imene mapa awo ankakwanapo. Lachiwiri lililonse ankafika ndi nsungwi yobowola kukhwapa, n'kundiitana kuti mesitiri, kunena mmisiri.

"A mesitiri, chotsani nsanzazi."

"Ndi suti ya ukwati iyi, madala. Ukwati wake ndi Loweruka."

"Ukwati umatha. Chotsani."

Ndinkachotsa. Amasolola pepala lija m'nsungwi, lachikasu ngati fodya, lomatidwa nsalu kumbuyo, n'kulipsinja ndi simbi yanga, lumo ndi mbatatesi ziwiri zobwereka kwa amayi ogulitsa pafupi. Mapawo anabwera nawo ndi bambo awo, a Bulaziyo, amene anatengedwa pa kontarato nthawi ya Apwitikizi n'kukasenza matumba a shuga padoko la Chinde zaka zisanu ndi chimodzi. Mapawo ankanunkhabe nsomba zouma. A Cassimiro ankati ndi mphepo ya kunyanja.

Nkhondo itafika tinathawira ku Dedza tonse. Akazi awo a Matilde anasenza miphika ndi mphasa, mwana kumbuyo, wina kudzanja, mbuzi pachingwe. A Cassimiro ananyamula nsungwi, ndi manja awiri, chifukwa kunali mame. Pamsasa kalaliki wolemba maina anawafunsa kuti kwawo n'kuti.

"Ku Chinde."

"Nanga amayiwa?"

"Ku Domwe," anatero a Matilde. "Ndipo awanso ndi a ku Domwe, musawamvere."

Kalalikiyo anali wotopa, analemba zimene aliyense ananena. Ndiye mtendere utabwera, malole obweza anthu atafika, dzina la a Cassimiro linatulukira pa lole ya ku Zambezia, chigawo chimene kuli Chinde. Anavala jekete. Anatsanzika msasa wonse, hema ndi hema, anakhululukira anthu amene sanawalakwire n'komwe, n'kukwera. Injini italira, a Matilde anafika pambali pa lole manja ali m'chiuno.

"Bambo a Ivo, mbewu ya nyemba ija munaika pati?"

Anatsika kuti akawaonetse, lole n'kupita. Kwa zaka makumi atatu ankauza anthu kuti nyemba ndi zimene zinawalepheretsa ulendo. Koma ine ndinalipo. Mwendo wawo unali utatsika kale a Matilde asanamalize funso.

Chaka china kunabwera dalaivala wa ku Quelimane, a Sebastião, kudzatenga mbatatesi. Thalauza lawo linang'ambika pokwera lole, anabwera nalo kwa ine n'kupeza mapa ali pameza.

"Ii, Chinde iyi! Ndakhalako zaka zitatu, mkazi wanga ndi wa komweko."

Msika unaima. Anthu anasiya masikelo n'kubwera. A Cassimiro anatsokomola kamodzi, monga ankachitira akafuna kutsutsa munthu.

"Chabwino, achimwene. Mukachoka pa alifandega, nyumba ya msonkho ija, n'kukhotera kumanja, mumapeza chiyani?"

"Madzi."

"Sitolo ya Mmwenye wa buledi?"

"Madzi."

"Bwalo limene Azungu ankamenyerapo kampira?"

"Madzi, madala. Nyanja inadya zonsezo ine ndisanabadwe."

A Cassimiro anapinda mapa awo pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa anthu.

"Mnyamatayu ndi waulemu. Koma a boti anamupusitsa, anamutsitsa panjira."

Msika wonse unagwirizana nawo. Munthu wopanda pepala angatsutse bwanji pepala? A Sebastião anapita atakwiya, thalauza lili losoka mwendo umodzi.

Ndiye mu 2022 mdzukulu wawo Nilza, mwana wa Ivo, anamaliza maphunziro a unamwino, boma n'kumutumiza kukagwira ntchito ku Chinde. Kunyumba kunali kulira ngati pamaliro, chifukwa ulendo wake ndi wa masiku, wina pagalimoto, wina pamadzi. A Cassimiro okha ndi amene anabwera kwa ine kuti ndiwasitire jekete. Mapa enieniwo anakana kumupatsa mwanayo. Anati ndiwakopere pansalu yoyera. Ndinatha masiku atatu: misewu ulusi wakuda, nyanja ulusi wabuluu, iwo ali chilili kumbuyo kwanga kundiuza kuti ndakhotetsa doko.

Tsiku lachitatu anaika chala pa kamtanda kakang'ono kolembedwa ndi lapizi, pensulo ija, chakumphepete kwa tauni, pafupi ndi gombe. Zaka zonsezo ndinkayesa ndi chitosi cha ntchentche.

"Apa musoke ndi wofiira."

"Ndi chiyani pamenepa? Pomwera mowa?"

"Ndi amayi."

Ndinachotsa phazi pamakina. Tonse tinkadziwa kuti mayi awo anali malemu a Nangozo, amene anawalera. Iwo anapitiriza maso ali pansalu, ngati akuwerenga mitengo ya feteleza. Anabadwira ku Chinde, anatero, kwa mayi wa komweko, dzina lake Isabel. Kontarato itatha, abale a mkaziyo anakana kuti mwana wawo apite kumapiri, a Bulaziyo nawo anakana kusiya mwana wamwamuna. Ndiye tsiku lina mayiyo atapita kumunda wa mpunga, bambo anabereka mwana wa zaka ziwiri n'kukwera boti. Nkhaniyi a Bulaziyo anaiulula ali pa mphasa ya imfa, n'kulemba kamtandako.

"Nanga bwanji simunapiteko zaka zonsezi?"

"Ndikanapeza chimodzi mwa ziwiri, a mesitiri. Manda, kapena munthu wondifunsa kuti ndinali kuti. Zonsezo ndinalibe nazo yankho." Anatola ulusi uja n'kuuyang'ana padzuwa. "Ndati wofiira. Uwu ndi wa madiresi a ana."

Patatha milungu itatu Nilza anaimba. Telefoni tinaiika pakati pa mapa, mawu tinakweza, theka la msika lili pakhonde langa.

"Uli pa nyumba yakale ya kampani ya shuga?"

"Ndili pomwepo, agogo. Denga palibe, koma ndi yomweyo."

A Cassimiro anayang'ana anthu mmodzimmodzi, kuti aliyense amve.

"Mtsinje ukhale kumsana. Yenda mapazi mazana anayi, osakhota."

Tinamva akuwerenga, mphepo ikuwomba m'telefoni.

"Mazana awiri, agogo. Nyumba zatha, ndi mchenga wokhawokha."

"Pitiriza."

"Mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi. Madzi ali m'akakolo."

"Ukuwerenga mofulumira. Pitiriza."

"Agogo, afika m'maondo!"

"Bwerera. Nsapatozo n'za kuntchito."

Mayi wina wa tomato ananong'ona kuti mwina tikawapepese a Sebastião. A Cassimiro anamumva.

"Anangoti madzi. Sananene kuti ndi akuya bwanji. Munthu wodziwa malo akanatchula maondo."

Anapita kunyumba nthawi isanakwane, ndipo Lachiwiri lotsatira sanabwere. Suti imene ndinkasoka sabata limenelo ndinaimaliza msanga, mwiniwake n'kudabwa, kuyamba kuifufuza ngati ndaiwala thumba.

Nilza analibe chotchingira pawindo la chipinda choyezera odwala, ndiye anapachikapo nsalu yanga ija. Okalamba obwera kudzayezetsa anayamba kuchedwa kutuluka. Wina akuloza pamene panali sukulu, wina pamene anakwatira, zonse zili pansi pa madzi. Tsiku lina kunabwera gogo wina wodwala miyendo, a Anastácia. Anayang'ana nsaluyo nthawi yaitali, kenaka anadzuka, ndodo kuisiya pansi, n'kukaika chala pa ulusi wofiira.

"Ndani wasoka nyumba ya amayi anga?"

Anali mwana wa a Isabel kwa mwamuna wachiwiri. Nyanja itayandikira, banja linasamukira kumtunda, ndipo a Isabel anamwalira komweko atakalamba. Nilza anaimba tsiku lomwelo, koma a Cassimiro anati zinthu zotere sizikambidwa popanda mapa, adikire Lachiwiri.

Lachiwiri anafika atavala jekete, a Matilde ali pambuyo, chimene sichinachitikepo. Ine ndinakonzeratu kansalu kopukutira misozi. Telefoni italira, a Cassimiro Chinyanja, mlongo wawo Chisena, Chipwitikizi chotsekera m'mabowo, Nilza pakati. Anapatsana moni. Anafunsana za miyendo. Kenaka a Cassimiro anatsokomola.

"Uwauze kuti chitsime chinali kumanzere kwa nyumba."

"Akuti kumanja, agogo."

"Mapa akuti kumanzere."

"Akuti anatungapo zaka khumi ndi zisanu."

"Ndiye kuti ankadzera kuseri."

Tinamva gogo uja akuseka kutali, kuseka kwenikweni, mpaka kubanika. Analankhula nthawi yaitali, Nilza n'kumasulira.

"Akuti makani anuwa ndi a amayi enieni. Akuti nawonso ankayamba atsokomola asanatsutse munthu."

A Cassimiro anakonza mbatatesi imodzi imene inali bwinobwino pamalo pake.

"Funsa ngati ankanditchulako."

"Akuti boti lililonse lotsitsa anthu a kumapiri, amayi ankapita kukafunsa ngati akumudziwa Bulaziyo. Akuti chaka chilichonse mpunga ukacha ankati, Miro wanga wakwanitsa zaka zakuti. Anawerenga mpaka makumi asanu ndi zitatu."

A Cassimiro anayamba kupinda mapa. Anawapinda chagada, pepala kunja, nsalu mkati, ndipo mapawo anakana kulowa m'nsungwi. Anayesa katatu. A Matilde anawalanda mwakachetechete n'kuwapinda bwino, ngati munthu amene wakhala akuonerera zaka makumi asanu.

"A mesitiri," anatero a Cassimiro akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete, "pano pali fumbi. Simusesa?"

Nilza anayesetsa kuti apite akaonane ndi mlongo wawo. Ivo analonjeza kuwaperekeza. Anakana.

"Ndikaone chiyani? Kumeneko kwatsala theka. Tauni yathunthu ili kuno."

M'malo mwake Lamulungu lililonse pochoka ku misa ankakhala pakhonde la kwawo n'kuimbira a Anastácia, Nilza akumasulira, kukangana nawo za chitsime, za mtundu wa chitseko, za mtengo wa kokonati umene a Anastácia ankati unalipo koma mapa sankaudziwa. Ankatsika pakhondepo akusangalala ngati agwira mbala. Zinatenga zaka ziwiri. M'nyengo yozizira ya 2024 anagona masiku anayi ndi chibayo, lachisanu n'kutisiya. Mawu omaliza omveka anawauza a Matilde kuti nsungwi ipite ku Chinde, koma asaipereke kwa madalaivala a ku Quelimane.

Nilza anaitenga pobwerera kumaliro. Akuti mapa ali pakhoma kwa a Anastácia, ndipo anthu amabwera ndi zidzukulu zawo kudzazionetsa pamene makolo anabadwira, chala chili pa misewu imene lero asodzi amaponyamo maukonde.

Kuno zinthu zikuyenda bwino, ndipo n'zosasangalatsa. Domwe wabwerera pamalo pake, pamwamba pa mapiri, pakati pa minda ya mbatatesi, kutali ndi chilichonse. Pamsika timakamba za mvula ndi feteleza, ndipo aliyense amakamba zimene anaona ndi maso. Sindinkadziwa kuti nkhani zoterozo zimatha msanga chotero.

Lamulungu lapitali ndinapita kukasiya diresi kwa a Matilde. Ndinawapeza pakhonde, telefoni ili kukhutu. A Anastácia amaimbabe. Popanda Nilza awiriwo samvana kupitirira moni, ndiye moni ukatha gogo uja amatuma mdzukulu kuti amuyendetse mpaka kugombe, n'kulozetsa telefoni kumadzi. A Matilde anandikodola kuti ndimveko. Ndinamva kuwomba, kusiya, kuwombanso.

"Ndiyo nyanja ya a Cassimiro imeneyo," anatero. "Ngati chigayo chopanda chimanga. Zaka makumi asanu ndi zinayi ndapikisana ndi phokoso limeneli."

Ndinafuna kuwabwezera telefoni, chala changa chili pafupi ndi batani.

"Musadule, a mesitiri," anatero. "Ikani apa pampando. Isiyeni ilire."