Ng'oma ya Limbani ndi Dishi ya a Chirwa

Lolemba

Limbani waimba foni kuchokera ku America. Akuti sizoni ya mpira wa makoleji ikuyamba Loweruka, ndipo masewero a koleji yawo aoneka pa TV ngakhale kuno ku Nairobi, bola munthu akhale ndi dishi. Iyeyo samenya mpira. Amaimba ng'oma m'bandi yomwe imaguba pabwalo nthawi yopumulira.

Mayi ake sanamuone chipitireni, kupatula pa chithunzi chimodzi chomwe anavala juzi ngati wodwala malungo. Ndikuwauza modzigunda pamtima kuti Loweruka mwana wawo amuonera m'nyumba muno. Akundiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku lomwe ndinalonjeza kukonza firiji.

Zomwe tili nazo: TV, mipando isanu, mwana ku America.
Zomwe tilibe: dishi, dikoda, nzeru.

Lachiwiri

A Chirwa a ku Lavington, aja a ku bungwe lalikulu, ali ndi dishi yakale kuseri kwa nyumba. Agalu ndiwo amausa pansi pake. Andibwereka, ndi dikoda yomwe.

"Koma achimwene, osangobwera kudzaonera konkuno bwanji?"

Ndakana. Mwana wanga akutuluka pa TV koyamba, ine ndikamuonere pa sofa ya eni ake, nsapato nditavula pakhomo? Ayi ndithu.

Dishi mu matatu, minibasi ya kuno! Kondakitala akuti nayonso ndi pasinjala. Kuchoka pasiteji ndaisenza pamutu mpaka kunyumba. Mayi wina wogulitsa masamba a sukuma akufunsa ngati tikukazinga mandasi a ukwati.

Ndauza anthu atatu okha, apamtima.

Lachitatu

Apamtima aja auza Amalawi onse a mu Nairobi. Ana a ku yunivesite, omwe chaka chino sanandipatsepo moni, akuimba foni ku ntchito kufunsa ngati ankolo adzuka bwino. Nkhani yanenepa m'njira. Akuti Limbani ndi kaputeni wa timu. Ndatsutsa, koma chapansipansi.

Mayi a Limbani atereka thobwa. Aitanitsa miyendo iwiri ya mbuzi.

Fundi, mmisiri wa madishi, dzina lake Mutua, wakwera padenga ndi hamala. "Hakuna shida, mzee." Munthu akanena kuti palibe vuto asanaone n'komwe ntchito, dziwa kuti vutolo wabwera nalo m'chikwama. Pa TV pali nyerere zokhazokha.

Lachinayi

Alendo adzafunsa mafunso, ndiye mwini nyumba asadzaoneke mbuli. Ku nyumba yosungira katundu komwe ndimagwira ntchito, ku Industrial Area, kuli mtsikana wa ku America, Becky. Wandiphunzitsa malamulo ndi zitsekerero za mabotolo. Zomwe ndatolapo:

Mpira wake ndi wooneka ngati papaya, ndipo amathawa nawo m'manja.
Munthu akagwa, onse amamugwera. Akadzuka amachita msonkhano.
Misonkhano ndi yambiri kuposa ntchito. Apa ndamva msanga, n'chimodzimodzi ku ofesi.
Koleji ya Limbani imavala zobiriwira, osewera ndi a bandi omwe. Adani awo a Loweruka amavala zofiira.

Becky akuti kwawo anthu amadikira tsiku limeneli miyezi yonse, moti bambo ake amadzipenta nkhope. Ndamuuza kuti amuna otere kwathu aliko, koma amatuluka ndi ng'oma zawo, ndipo ana amathawa.

Madzulo dishi yagwira! Amwenye akuvina paphiri. Mutua wapotoza pang'ono: mbusa wa ku Nigeria akutulutsa ziwanda. Akuti kesho, ndiye kuti mawa.

Lachisanu

Mutua wapeza tchanelo cha masewero. Chikuoneka bwinobwino, malinga iye aime padenga atagwira dishi ndi manja awiri, itapendekera cha ku Athi River. Akangosiya, nyerere. Ndamufunsa ngati ali ndi zochita mawa madzulo. Akuti mlongo wake akukwatiwa. Ndayesa kukwera ndekha, ndatsikira pa sitepe yachitatu ya makwerero. Ndipo ndikanakwera, mwanayo ndikanamuona bwanji ndili padenga?

Mwini nyumba yomwe timachita lendiyi, mayi Wanjiru, wamva za hamala. Wabwera, wawerenga mabowo m'malata ndi chala, osakweza mawu. Akuti pakati pa ife ndi dishi, wina atsike.

Mayi a Limbani atenga simbi. Akusita chitenje chawo chatsopano, mbali zonse ziwiri. Kusita kwawoko kukumveka mpaka kumsewu.

Loweruka

Ndaimbira a Chirwa. Sananene kuti "ndinanena ine", angoseka motalika. Bola akananena.

Ulendo wa ku Lavington: ine, mayi a Limbani, zigubu za thobwa, mbuzi, ndi ana a ku yunivesite odzaza matatu. Pakhomo ndavula nsapato. Sokosi yabooka pa chala chachikulu.

Mpira wayamba dzuwa litangolowa. Osewera onse avala zipewa zobisa nkhope. Ana akufunsa kuti kaputeni Limbani ndi uti. Ndaulula za ng'oma. Palibe wakhumudwa, pakamwa pali mbuzi. Ndikufotokoza malamulo, palibe akumvera. Wina akufunsa ngati dikodayi imagwira mpira wa ku Mangalande.

Nthawi yopumulira. Mayi a Limbani akokera mpando pafupi, mphuno pang'ono kugunda galasi. Bandi ikulowa pabwalo, patali, tianthu ngati nthanga. Basi TV yachoka pamenepo! Azibambo atatu onenepa, a mataye, akhala pa tebulo kutifotokozera mpira womwe taonera tokha. Kenako malonda a galimoto. A mowa. A galimoto ina. Mayi a Limbani agwira chitenje chawo pamawondo, sakuphethira. Ine ndikuyang'ana chala changa.

Mpira utatsala pang'ono kuyambanso, kamera yadutsa mwamphezi pa bandi ikutuluka. Msana wa munthu, ng'oma, chipewa cha nthenga. Mayi a Limbani akukuwa:

"Uyo! Limbani uyo. Taonani mapaziwo, akutagada ngati bambo ake."

Nthungululu m'nyumba ya eni. Misozi. A Chirwa akundigwira chanza, ana akuwomba m'manja ndi mafuta a mbuzi omwe.

Mnyamatayo wavala zofiira.

Lamulungu

Dishi yatsika. Waitsitsa ndi mlonda wa mayi Wanjiru, ine ndagwirira makwerero. A Chirwa akuti kubweza kulibe changu, ndiye mayi a Limbani ayanikapo masamba a nkhwani. Ikugwira ntchito bwino kwambiri.

Limbani waimba titangoweruka ku tchalitchi. Mayi ake akumuuza kuti wanenepa, koma kayendedwe n'komwe kaja. Ndikumumva akuseka. Andipatsira foni.

"Adadi, munandionadi?"

"Mayi ako anakuona."

Sabata yonse ndaphunzira malamulo a mpira wa eni, ndipo chomwe ndapindula n'kudziwa mtundu wa malaya womwe sindingauze munthu. Mayi a Limbani akuimba nyimbo kukhitchini, zomwe sanachite chipitireni mwanayo. Akuti Loweruka likudzali tipitanso kwa a Chirwa, poti sizoni yangoyamba kumene.

Ndikusoka sokosi.