Makina a Mai Adelina pa Chithatha

Loweruka lina masana, m'chaka cha 1958, amuna atatu anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa Katete, botolo la kachasu lili pakati pawo. Ndikuwatchula amuna chifukwa cha ndevu zokha, pakuti khalidwe analibe. Woyamba anali Valentino, amene anadzipatsa yekha dzina loti Gavanala atabwerako ku Halale ndi jekete long'ambika ndi Chingerezi chongokwanira kutukwanira agalu. Wachiwiri anali Nelson, wotchedwa Sikono, munthu wonenepa amene nzeru zake zinkafika mochedwa ngati basi ya ku Fort Jameson. Wachitatu anali Julius, wotchedwa Mphepo chifukwa cha kuonda, mkamwini wa ku Mkaika, amene mkazi wake Mable anali asanamuone sabata yathunthu.

Nthawi imeneyo kunali kutabwera bungwe lothandiza amalonda ang'onoang'ono a m'midzi. Bungwelo linachititsa misonkhano kuyambira dzinja mpaka dzinja linzake, akuluakulu ake anamwa tiyi wochuluka, anthu anawomba m'manja mpaka zikhatho kutupa, ndipo pomalizira pake linatulutsa makina osokera amodzi m'dera lonselo. Makinawo anagwera Mai Adelina, mkazi wamasiye, amene anapereka ng'ombe zake ziwiri monga chikole. Lolemba lotsatira bwana wa bungwelo anayenera kudzaona makinawo, ndipo akanapanda kuwapeza, ng'ombezo zikanapita.

"Madoda, tamverani pulani," anatero Gavanala. "Mawa Sande mayi uja ali kutchalitchi. Tilowa, tinyamula mashini. Mpwitikizi wina kutsidya akuwafuna."

"Dzuwa likuswa mtengo?" anafunsa Sikono. "Chimakina cha miyendo yachitsulo chija? Tichibisa m'jekete lanulo?"

"Iwe Sikono, m'mutu mwako muli ufa wokhawokha. Munthu akakumana ndi maliro panjira amatani?"

"Amapatuka n'kugwada."

"Amasuzumira?"

"Ayi."

"Basi! Ngakhale mesenjala wa boma amavula chipewa. Tikulunga mashini mumphasa, tiika pachithatha, ine kutsogolo, iwe kumbuyo. Mphepo atidikira ku Mkaika ndi ngolo."

"Bwana Gavanala, inu mukanakhala loya," anatero Julius, nakhuthula botolo lonse.

Vuto la munthu wosaleredwa bwino ndi lakuti mwambo amaudziwa theka lokha. Valentino ankadziwa zimene anthu amachita akakumana ndi maliro okhala ndi eni ake. Zimene amachita akakumana ndi maliro opanda operekeza, anali asanazimvepo.

Mmawa mwake zinayamba bwino. Chitseko cha Mai Adelina chinali chomanga ndi luzi. Anakulunga makinawo mumphasa ziwiri, namanga pachithatha, nalowa mumsewu nkhope zili zachisoni. Wanjinga wina anatsika nagwada. A Yakubu, wamalonda wa pamsewupo, anaimirira pakhonde la sitolo yawo, nazolika.

"Waona?" ananong'ona Gavanala. "Sukulu ya ku Halale imeneyi."

Koma tsiku limenelo mlaliki anali ndi chifuwa, ndipo ulaliki unatha msanga. Pamene awiriwo amafika pafupi ndi tchalitchi, mpingo wonse unali ukutuluka. A Damiano, mkulu wa mpingo, anavula chipewa naima pakati pa msewu.

"Pepani, abale athu, pepani. Kodi maliro anyamulidwe ndi anthu awiri ngati mtolo wa nkhuni, ife tili pompano? Watisiya ndani?"

Pulani yonse ya Gavanala inalibe dzina la womwalirayo. Pamene iye amafunafuna dzina, nzeru za Sikono, zimene masiku onse zinkachedwa, tsiku limenelo zinafulumira.

"Julius," anatero Sikono. "Wa ku Mkaika."

"Mayo ine! Amuna anga!"

Anali Mable. Anali atabwera dzulo lake kudzafunafuna mwamuna wake m'malo omwera mowa, nagona kwa mbale wake. Anadzigwetsa m'fumbi, amayi namugwira, kulira nikuyambika. Amuna anayi analandira chithatha monga mwa mwambo. Mai Adelina, pokhala munthu waulemu, anamasula nsalu yawo yapamwamba nafunditsa mtembowo ndi manja awo. A Damiano ndi mkulu wina anagwira Gavanala mkono uku ndi uku, ena awiri nagwira Sikono, pakuti namfedwa sasiyidwa kuyenda yekha.

"Ndione nkhope yawo!" analira Mable.

"Adokotala aletsa, mlamu," anatero Gavanala. "Nthenda yake ndi yoopsa."

Ulendo wa ku Mkaika unayamba, nyimbo zili pakamwa. Mudzi uliwonse umene anadutsa unaonjezera anthu.

"Koma Julius anali ngati bango," anadandaula mmodzi wa onyamula. "Kulemera konseku kwachokera kuti?"

"Machimo," anayankha mnzake chapansipansi.

"Nanga chikulira gwedegwede n'chiyani?"

"Anauma kwambiri," anatero Sikono.

Gavanala anayesa kupempha kuti apatuke pang'ono kuthengo. Akuluakulu aja anamuperekeza, namudikira, nabwerera naye. "Limbani mtima, mwana wathu," anatero. "Sitikusiyani."

Ku Mkaika, Julius anali gone pangolo yobwereka, chipewa chili kumaso. Atamva nyimbo anadzuka, naona chinamtindi cha anthu chikubwera. Pano ndiyenera kumuchitira chilungamo: kamodzi kokha m'moyo wake anachita zoyenera. Anatsika, navula chipewa, nagwada m'mbali mwa msewu.

"Pepani, amayi," anafunsa mayi wina wa kumphepete. "Ndani watisiyayu?"

"Julius, chidakwa chija cha kwa a Mable," anayankha mayiyo osacheuka. "Mulungu wamuchitira chifundo mkaziyo."

"Chidakwa ndani?" anakalipa Julius, naimirira.

Mayiyo anacheuka.

"Mzukwa!"

Nyimbo inaduka pakati. Amayi anamwazika m'minda ya mtedza, mlaliki anaiwala chifuwa nathamanga kuposa anyamata, ndipo onyamula anaponya chithatha pansi. Luzi linaduka, mphasa zinafunyululuka, womwalirayo anatulutsa miyendo yachitsulo, gudumu lake nilizungulira lokha padzuwa.

Mai Adelina anayandikira pang'onopang'ono, natola nsalu yawo, nayang'ana.

"Makina anga," anatero. "Ndawalira kuchokera kutchalitchi."

Mwa amuna operekeza, okhawo amene sanathawe anali akuluakulu ogwira anamfedwa aja, chifukwa miyendo yawo inali itakalamba. Manja awo okha ndiwo anali asanakalambe.

"Madala, tikambirane," anatero Gavanala. "Pali kusamvana pang'ono."

"Limbani mtima," anayankha a Damiano. "Tinalonjeza kuti sitikusiyani."

Julius akanatha kuthawa, koma Mable anali atamugwira kale kolala.

"Inu! Ine mawu atha, maondo anyuka, nsalu yang'ambika, inu muli moyo? Mulibe ndi manyazi omwe?"

Atatuwo anabweza makinawo pachithatha chomwecho mpaka pakhomo pa Mai Adelina, mpingo wonse ukuwaperekeza, ndipo pobwererapo sipanapezeke wowalandira. Kuchokera apo anapitirira kwa mesenjala, amene sanavule chipewa.

Bwana wa bungwe, amene anayenera kufika Lolemba, anafika mwezi wotsatira. Anapeza makina akusoka, ng'ombe zili m'khola, ndi amayi a midzi yonse ya m'njira ya ku Mkaika atakhala pamzere ndi nsalu zawo, pakuti aliyense ankafuna diresi losokedwa ndi makina amene anawalira. Bwanayo anaitanitsa msonkhano, nalengeza kuti zonsezo zinali zipatso za maphunziro a bungwe lake. Anthu anawomba m'manja.

Julius atatuluka m'ndende anapeza dzina la Mphepo litatha. Ana ndi akulu omwe ankamutchula Malemu. Atafika pakhomo anakhala pansi napempha chakudya.

"Ine ndinalira kale, mpingo wonse ndi mboni," anatero Mable, akutseka chitseko. "Akufa sadya."