Mmene Ndinaondetsera Apongozi

Mpaka lero ndikafika ku Chilomoni kwa apongozi anga ndimakhala chete ngati mlendo. Cholakwa n'changa, sindikana.

Pachinkhoswe cha mlamu wanga ndinawajambula pafoni akuvina, ndipo anavina ndithu, poti ndi mayi wathupi lake, amalinyadiranso. Vidiyoyo anaikonda, nalamula kuti ipite kwa alongo awo ku Phalombe. Vuto linali loti amalumewo ali ndi kafoni ka mabatani, kosatsegula mavidiyo a mafoni athu ano.

Mkazi wanga anati tipite nayo kwa aja oika nyimbo m'mafoni pamsika. Ndinakana (munthu woti ndinaphunzirapo kompyuta milungu itatu yathunthu). Ndinapeza kapulogalamu kosinthira mavidiyo, n'kuichepetsa kuti ikwane m'kafoniko, n'kuiika pamemori kadi, n'kupatsira munthu wopita kumudzi. Kuyamba ndaionera? Akatswirife sitikayikira ntchito yathu.

Loweruka lake tinaitanidwa mwachangu. Pakhonde tinapeza amalume, abale ena awiri, nkhuku yomangidwa miyendo ndi ufa wa phala. Anabwera kudzazonda matenda. Wodwalayo anali pampando, thupi lonse lilipo, nkhope ili ndwii.

Amalume anandionetsa kafoni kaja. Kapulogalamu kanga kanali katafinya chithunzi m'mbali. Apongozi anaonda ngati nsungwi, khosi litatalika, ndipo poti vidiyoyo inkadukizadukiza, kuvina konse kunkaoneka ngati kunjenjemera kwa malungo. Mudzi wonse unali utaonera, ndipo kutchalitchi anali atayamba kale kuwapempherera.

Apongozi sanandiyang'ane. Anayankhula ndi mwana wawo, ine ndili pomwepo.

"Uwauze bambo a Tadala andibwezere thupi langa. Sindinalitole panjira."

Manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itandimeza. Ndinapepesa, n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala kukonza vidiyo ija kuti amalume abwerere nayo. Mkazi wanga anatchulanso za pamsika, ine ndinati ndalidziwa pamene panalakwika. Pofuna kuwasangalatsa apongozi, ndinaikokera m'mbali, n'kuwaonjezerako kabasera (apanso sindinaionere, minibasi inkawathawa amalume).

Lachitatu amalume anandiimbira foni, mawu ali otopa.

"Akamwini, kuno akuti achemwali tsopano atupa. Amayi a kutchalitchi anyamuka kale, akubwera asanu ndi atatu."

Ndikanati ndaphunzirapo kanthu, koma kapulogalamuko sindinakafufute. Ndikuona ngati kachitatu ndiwakhoza.