Adona Akufuna Mabwinja

Lolemba

Kontrakiti yanga ikutha mwezi uno ndipo bwana sakunenapo kanthu. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuwayendetsa pagalimoto, iwo, akazi awo ndi ana awo awiri, kuchokera kuno ku Al Markhiya, mumzinda wa Doha, kupita kulikonse kumene mtima wawo wafuna. Esinati, mayi wa ku Dedza amene amagwira ntchito m'nyumba muno, akuti wamva bwana ndi akazi awo akukambirana patebulo. "Akuti driver safunikanso, ankolo. Akuti sitima ya metro ilipo, ma taxi a pafoni aliponso. Khalasi, zatha basi." Esinati samaphonya nkhani chifukwa tebulo limodzi amalipukuta katatu.

Koma Mulungu sagona. Dzulo kwafika mayi awo a bwana kuchokera ku Mangalande, adona aakulu oyenda ndi ndodo, a nsapato zansalu. Akhala sabata imodzi. Bwana akundiuza m'mawa uno: "Amayi amakonda zinthu zakale. Mukawaonetse zakale." Mwayi wanga ndi umenewu. Mayi akasangalala, mwana asayina.

Zakalezo ndazimva, koma ine si mwana. Mlendo wolemekezeka sumutengera kubwinja. Kwathu mlendo akabwera timamukhazika m'nyumba yamalata, kukhitchini kwamwaye timatsekako. Bwana anena zakale chifukwa safuna kuoneka odzitama, ine ndawamvetsa.

Ndondomeko:
1. Nyumba zitalizitali zagalasi.
2. Sitolo yaikulu ija yokhala ndi mtsinje m'kati.
3. Bwalo la mpira.
4. Sitima yoyenda yokha popanda woyendetsa. Ayi, iyi ndafafaniza. Munthu sudzikumbira wekha dzenje.
5. Zakale, nthawi ikatsala.

Ndagulanso mankhwala akuda opaka tsitsi. Imvi zachuluka m'mbalimu, ndipo sabata ino si yooneka wokalamba.

Lachiwiri

Nyumba zitalizitali: adona agona. Ndikuzungulira kawiri kuti mwina adzuka. Akuliza mkonono pang'onopang'ono, mwaulemu.

Kusitolo ya mtsinje akuyang'ana madzi, akuyang'ana denga lojambulidwa mitambo, akufunsa kumene kuli chimbudzi. Ndatha zinthu ziwiri pa ndondomeko nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Akundikakamiza kukhala nawo pansi kumwa tiyi. Akutulutsa foni kundionetsa kwawo. Mayo ine! Mzinda wozunguliridwa ndi khoma ngati khola, khomalo logumukagumuka, pamwamba pamera udzu. Akuti m'mawa uliwonse amayenda pamwamba pake popita kukagula buledi. Msewu wina ngwopapatiza moti galimoto singalowe, nyumba za mbali iyi zapendekera za mbali iyo, anthu angathe kupatsana mchere pawindo. Tchalitchi chachikulu chakuda bii, ndipo Lachinayi lililonse amakapukuta mabenchi ake popanda wowalipira. Kenako nyumba yawo. Khomo lalifupi, munthu kulowa chowerama. Mitengo ya denga ili poyera, yokhotakhota. Khoma latupa mimba.

Ndagwira pamtima ndi kunena kuti pepani kwambiri adona, sindimadziwa. Aseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Ili ndi zaka mazana atatu," akutero, monyadira ngati akunena za mwana amene wakhoza mayeso. Akuti boma siliwalola kusintha ngakhale windo limodzi.

Ndiye kuti mavuto ali paliponse. Mwana ali ndi galimoto ziwiri ku Doha, mayi akugona m'nyumba yoti igwa dzinja likubwerali, boma nalo likuwapondereza. Zandikhudza kwambiri.

Lachitatu

Bwalo la mpira lakanidwa tisanatuluke n'komwe pageti. "Lero zakale," akutero adona, akugogoda pansi ndi ndodo. Chabwino. Kumsika wa Souq.

Kumeneko nkhope yawala. Akusisita makoma adothi, akununkhiza zokometsera ndiwo m'matumba, akujambula mitengo yotuluka m'khoma. Ine pambuyo ndi chikwama chawo, mtima ukuti zayamba kuyenda. Akundifunsa kuti khoma ili ndi la liti. Sindikudziwa. Koma munthu amene ntchito yake ili pamphuno sanena kuti sindikudziwa. Ndikuti ndi lakalekale, kuposa tchalitchi chanu chija, amalonda a ngamila ndiwo analiumba ndi manja awo. Akulemba m'kabuku!

Mmwenye wogulitsa nsalu chapafupi, wosafunsidwa ndi munthu, akulowerera. Akuti msikawu ndi wakaledi, koma makoma ambiri anawamanganso posachedwapa kuti azioneka akale. Akuti iye analipo, msuweni wake ndi amene ankaponda dothi. Adona akufafaniza m'kabuku muja. Sakundiyang'ana. Agula nsalu kwa munthu yemweyo, ziwiri.

Pofuna kukonza zinthu ndikuwatengera ku Msheireb, kumene mnzanga Lufeyo amagwira yaulonda. Ndamutumiziratu uthenga kuti akanene zabwino. Wanenadi zabwino, ataima njo mu yunifolomu yake: "Madam, kuno zakale zambiri anagumula, everything new! Zatsala nyumba zinayi, nazonso anazikonza, muli AC yoziziritsa." Kenako kwa ine, motsitsa mawu: "Ndakuikirani mawu bwino, eti achimwene?"

Adona alowa m'nyumba zinayizo, atuluka ola lisanathe. Akuti n'zokongola, koma zasambitsidwa kwambiri. Mawu amenewa ndawalingalira njira yonse. Chinthu chingasambe mopitirira?

Lachinayi

Adona akupumitsa miyendo. Ine ndikupereka bwana kuofesi ku Al Mirqab. Nkhani ya nyumba ija ikundidya. Ndimawaposa bwana ndi zaka khumi, ndipo wamkulu akaona chinthu amanena. Komanso aone kuti sindine wogwira chiwongolero chabe, mutu ndili nawo.

Pamaloboti ndikuyamba mozungulira, monga amayambira munthu woleredwa. Ndikuti kwathu mwana akapata amayamba wamangira mayi ake, anthu asamamuloze. Ndikuti sizilira zambiri:
zipinda zitatu,
malata,
simenti pansi,
khomo loti munthu alowe choimirira.
Yakaleyo agumule, njerwa zabwino asankhepo amangire khola la nkhuku. Boma likavuta, agumule Loweruka maofesi atatseka.

Bwana akuyang'ana kunja. Tadutsa maloboti awiri. Kenako akundiuza kuti m'nyumba imeneyo ndi mmene anabadwira, ndi mmenenso bambo awo anamwalirira, ndipo ataigulitsa angagule nyumba imene tikukhalayi pamodzi ndi yoyandikana nayo. Ndikuti eya bwana. Akutsika, akubwerera pawindo. "Kodi paja muli ndi zaka zingati?" Ndachotsapo zinayi. Akuyang'ana kolala yanga nthawi yaitali. Atapita ndadziona pagalasi. Mankhwala a tsitsi aja atsika ndi thukuta, mzere wakuda mpaka paphewa.

Esinati wamva kale, kaya kudzera kuti. "Ankolo, driving yokha inakucheperani? Mwayamba ku-advisa ma boss?"

Zotsala pa ndondomeko: palibe. Malaya ndawaviika mu sopo, mzere sukuchoka.

Lachisanu

Tsiku la mapemphero, mzinda uli zii mpaka masana. Ndikutsuka galimoto yotsukatsuka kale kuti bwana akasuzumira andione. Sakusuzumira.

Adona atuluka ndi mpando, akhala pamthunzi wa galaja. Akuti kwawo nthawi ngati ino mabelu akulira, wotchi saifuna. Akuti kumene amagula nyama, agogo a wogulitsayo ankagulitsa kwa agogo awo pakhomo lomwelo. Akuti mtsinje ukasefukira madzi amalowa m'nyumba yomwera mowa ya pakona, eni ake amalemba mzere pakhoma pamene madzi alekezera ndi kupitiriza kugulitsa. Ndikufunsa chifukwa chake sasamukira kumtunda. Akundiyang'ana ngati ndatukwana.

Kenako akufunsa za ine. Zaka zingati panyumba pano? Ana a bwana ndinawapeza ali bwanji? Ndikuti wamng'onoyo ndine ndinakamutenga kuchipatala ali m'kansalu. Ndikuti aneba onse amene ndinawapeza mumsewu uno anasamuka, ngakhale sitolo ya pakona yasintha eni kanayi. Akugwedeza mutu, kabuku kali pamiyendo. Ulendo uno sindinawonjezepo kanthu.

Choipa chabwera kumapeto. Awerenga kuti kumpoto kuli mudzi wa asodzi umene anthu anausiya kalekale. "Mawa," akutero. Ndikuti n'kutali. Ndikuti msewu ngwoipa. Ndikuti kulibe chimbudzi. Akuti mawa.

Bwinja lenileni, la anthu osawadziwa! Kwathu podutsa pabwinja umafulumiza mapazi, suima n'kumajambula.

Loweruka

Tafika. Makoma olekeza m'chiuno, madenga kulibe, kamzikiti kopanda chitseko, mphepo, basi. Adona misozi ili lengelenge ndi chimwemwe. Petulo yense wa sabata ino, chimene ankafuna n'chimenechi!

Ndikutsala m'galimoto. Koma ndikuwaona akupunthwa pamiyala yomwazika pakhomo la nyumba ina, ndipo mayi wa bwana akathyoka mwendo m'manja mwanga ndiye kuti kwatha. Ndikutsika, ndikupepesa eni bwinja chamumtima, ndikuyamba kukonza. Miyala ya pakhomo ndaisanja bwinobwino pambali, yaikulu pansi, yaing'ono pamwamba. Ndathyola kachitsamba ndi kusesa njira. Pakuoneka ngati pakhomo pa munthu tsopano.

Kukuwa kwake! Ndimayesa aona njoka. Akuti miyalayo inagona pamene inagwera zaka zambirimbiri, ine ndaisokoneza m'mphindi khumi. Akuti ndiibwezere. Ndibwezere bwanji, analoweza ndani? Ndikuimwaza mwachisawawa, iwo akuloza ndi ndodo: uwo kumanzere, uwo autembenuze, uwo unali chagada. Bambo wa ana anayi, kumwaza miyala padzuwa molangizidwa.

Pobwerera ndikutembenuza galimoto mtima uli m'mwamba, matayala am'mbuyo alowa mumchenga. Mankhwala ake ndi odziwika, miyala pansi pa tayala. Miyala ili mbwee, mudzi wathunthu. Adona aima pakati pa ine ndi khoma, ndodo m'mwamba. Ngakhale umodzi!

Ndikukumba ndi manja. Ndikuyala makapeti a m'galimoto, tayala lawameza. Maola atatu, madzi akumwa atha. Bwana aimba foni kasanu ndi kawiri. Nkhomaliro yotsanzikana ndi adona inali ya 1 koloko, alendo adya okha ndi kubalalika. Watikoka ndi Mwarabu wina wodutsa ndi chigalimoto chake. Pomasula chingwe akuti "Mafi mushkila," kutanthauza kuti palibe vuto. Iyeyo alibedi.

Kunyumba bwana akuyang'ana mayi awo, ofiira ngati phwetekere, mchenga m'tsitsi. Akuyang'ana ine. "Tikamba mawa."

Ndalembera mayi a ana kumudzi kuti zikuoneka kuti mwezi ukatha ndikubwera kwathunthu. Ndimayesa adandaula. Ayankha msanga kuposa masiku onse, ndi tizithunzi ta anthu ovina.

Lamulungu

Tikuperekeza adona kubwalo la ndege. Ine kutsogolo, mayi ndi mwana kumbuyo. Adona akulankhula ndi bwana ngati ine palibe. "Sabata yonse ndafunafuna chinthu chimene chakhala pamalo pake m'dziko lino. Ndapeza ziwiri, mudzi uja ndi bambo awa. Amanama pang'ono, amakonza zosafunika kukonza, koma chakale chilichonse chili ndi ming'alu yake. Kukanakhala kwathu sukanaloledwa kuwasintha." Bwana akuseka. Ine maso pamsewu, makutu akutentha.

Potsika andigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Akuti ndikadzafika kwawo ndidzakumbukire kuwerama pakhomo.

Pobwerera bwana andiimitsa pageti. Kenako: "Chaka china chimodzi. Koma chonde, musakonzenso china chilichonse."

Ndathokoza kawiri. Ndiye ndatsala. Njira zachidule zonse za mzinda uno ndimazidziwa, zaka zonsezi sindinagundepo ngakhale mphaka, koma zimenezo palibe wazitchula. Ndatsala chifukwa andiika m'gulu la mabwinja. Zikundiwawa, ndisaname. Komanso mtima wakhala pansi, apanso ndisaname. Esinati akuti andikolowekere kachikwangwani m'khosi alendo azindijambula.

Ndalembera mayi a ana. Achedwa kuyankha. "Tithokoze Mulungu." Patapita nthawi uthenga wina: "Tambala ndinali nditamumanga kale mwendo. Ana nawonso ndinawauza."

Ndawauza amumasule, adye chimanga chaka china. Za anazo sindinayankhebe.